Zilembo zasokonekera mu Excel: "nthaÅµi" m'malo mwa "nthaŵi", ndithandizeni

Tiyamike: Moni nonse. Ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa tulo kuyambira dzana. Ine ndi mnzanga tikusonkhanitsa mawu a Chichewa ndi matanthauzo ake, ndipo tafika mizere yoposa 4,000. Iye amalemba mu LibreOffice pa kompyuta ya Linux, ine ndili pa Windows 10 ndipo ndimagwiritsa ntchito Excel. Dzana ananditumizira fayilo ya CSV pa imelo. Nditaitsegula ndinangoti kakasi. Pomwe panayenera kukhala "nthaŵi" palembedwa "nthaÅµi", "kudziŵa" kwasanduka "kudziÅµa", ndipo "pang’ono" akuoneka "pangâ€™ono". Chondizunguza mutu n'chakuti si paliponse. Mzere wina "ng'oma" ali bwinobwino, mzere wotsatira wasokonekera. Mnzangayo akuti kwa iye zonse zikuoneka bwino. Kodi ndi vairasi, kapena fayilo inawonongeka panjira?

Chisomo: Achemwali, choyamba musaseve fayiloyo. Itsekeni, ikakufunsani ngati mukufuna kusunga zosintha mukane. Si vairasi, ndipo palibe chawonongeka panjira. Zomwe mnzanuyo analemba zonse zilimo, koma Excel ikuziwerenga ndi kiyi wolakwika.

Tiyamike: Achimwene, mwandipeza nditaseva kale. Dzulo ndinayesa kukonza ndekha ndi Replace, kusintha Åµ kukhala ŵ, ndinawonjezanso mizere yatsopano pafupifupi 300, kenako ndinaseva n'kumubwezera. Koma yomwe anatumiza poyamba idakali mu imelo.

Chisomo: Bola yoyambayo ilipo. Musaichotse. Za yomwe munasevayo tikambirana pambuyo pake, chifukwa pamenepo pali nkhani ina.

Ndifotokoze kaye chomwe chikuchitika, kuti tsiku lina mudzadziwe nokha. Mu fayilo mulibe zilembo, muli manambala okhaokha, omwe timati mabaiti. Pulogalamu ikamatsegula fayilo imafunika kudziwa kuti nambala yakutiyakuti ikuimira chilembo chiti. Mnzanuyo anasunga mu UTF-8. M'menemo chilembo ŵ chimatenga mabaiti awiri, C5 ndi B5. Excel mukangodina kawiri pa CSV imayamba yaganiza kuti fayiloyo ili mu dongosolo lakale la Windows, lomwe pa makompyuta a Chingerezi ndi Windows-1252, momwe baiti iliyonse ndi chilembo pachokha. Ndiye C5 imamuona ngati Å, B5 ngati µ. N'chifukwa chake chilembo chimodzi chabereka ziwiri. Nkhodolero yopindika ija ili ndi mabaiti atatu, E2, 80 ndi 99, ndiye yabereka zitatu, â€™. Werengani pa sikirini yanu muona kuti zikugwirizana ndendende.

Bambo Mbewe: Mwafotokoza momveka bwino, a Chisomo. Koma funso la mayiwa lija silinayankhidwe. Nanga bwanji "ng'oma" wina ali bwino pomwe wina wasokonekera? Fayilo ndi imodzi, kiyi ndi mmodzi. Zikanasokonekera zonse.

Madalitso: Bambo, nkhodolero zilipo ziwiri ngakhale maso sazisiyanitsa msanga. Ya pa kiyibodi ndi yowongoka, ndipo ili m'gulu la zilembo 128 za ASCII, zomwe zinakhazikitsidwa kale mu 1963. UTF-8 ndi Windows-1252 zimagwirizana pa zilembo 128 zimenezi, ndiye yowongokayo siisokonekera konse. Koma Word ukamalemba imasintha yokha yowongoka ija kukhala yopindika kuti izioneka bwino, ndipo yopindikayo ili kunja kwa ASCII. Achemwali a Tiyamike, tandiuzeni, mizere yomwe yasokonekerayo simunayambe mwailemba mu Word?

Tiyamike: Ee! Yanga yonse ndinkayamba ndalemba mu Word kenako n'kumutumizira kuti aphatikize. Ndayang'ana pompano, yosokonekera pa nkhodolero ndi yangayo basi. Yake ili bwino kupatula pomwe pali ŵ.

Chisomo: Ndiye tapeza. Tsopano tengani fayilo ya mu imelo ija muisunge pa kompyuta, koma musaidine kawiri. Tsegulani Excel yopanda kanthu, pitani pa Data, sankhani From Text/CSV, mulozeni fayiloyo. Pabwera kawindo kosonyeza mizere yoyambirira. Kumanzere pamwamba pali File Origin. Sinthani pamenepo pakhale 65001: Unicode (UTF-8). Muona zilembo zikuwongoka pomwepo musanadine Load. Zikatero sevani ngati xlsx, ndipo muzigwirira ntchito mu xlsx-mo. Mafayilo a xlsx ndi ods amasunga zilembo mu Unicode mkati mwake, samadalira kuti pulogalamu ilote.

Limbani: Ine ndinene zoona, mavuto onsewa bwanji? Ambirife timalemba "nthawi" ndi w wamba ndipo palibe amene samva. Chotsani kachipewako, nkhodolero muike yowongoka, nkhani yatha.

Bambo Mbewe: A Limbani, pa uthenga wa pa foni sindingakutsutseni, inenso ndimalemba choncho. Koma awa akulemba mndandanda wa mawu, ndipo asankha kusonyeza katchulidwe. Amene amasiyanitsa w ndi ŵ pakamwa ali ndi chifukwa chofunira kuti kusiyanako kuoneke pa pepala. Sindikuona chifukwa choti munthu asinthe kalembedwe kake chifukwa choti pulogalamu yatsegula fayilo molakwika. Komanso mukachotsa ŵ vuto silichoka, limangobisala. Mawa wina adzalemba dzina lachilendo lokhala ndi é kapena ã, kapena adzakopa mitengero yopindika, zidzayambiranso.

Madalitso: Ndikugwirizana ndi bambo. Komanso chilembochi si chathu chokha. A ku Wales amachigwiritsa ntchito m'chiyankhulo chawo, ndipo nawonso anavutika nacho chifukwa mu Latin-1 ndi mu Windows-1252 mulibe. Anachita kuchipezera malo mu ISO 8859-14, yomwe inatuluka mu 1998. Kale dera lililonse linali ndi tebulo lakelake la zilembo, ndipo fayilo ikawoloka malire inkasanduka zosawerengeka. A ku Japan mpaka anatcha dzina vutoli, amati mojibake. Unicode inayamba mu 1991 kuti chilembo chilichonse chikhale ndi nambala imodzi padziko lonse, ndipo Ken Thompson ndi Rob Pike anapanga UTF-8 mu 1992. Mu Unicode ŵ wamng'ono ndi U+0175, wamkulu ndi U+0174. Malo ake alipo kalekale. Chatsala ndi mapulogalamu ena omwe amayambabe aganiza zakale.

Limbani: Chabwino, ndamva. Koma pa nkhodolero ndiimabe pomwepo. Ngati ndi deta yomwe izidutsa m'mapulogalamu ambiri, yowongoka ndiyo yotetezeka. Komanso mukasakaniza, kusaka kumavuta. Mukasaka "ng'oma" ndi yowongoka, ya yopindika ija mwina siituluka.

Chisomo: Pamenepo mwalasa, achimwene. Asankhe imodzi, aigwiritse ntchito paliponse. Yopindika adzaiike pa nthawi yosindikiza.

Tiyamike: Zatheka! Nditangosankha 65001 zonse zawongoka, mtima wanga wakhala pansi. Koma mnzanga uja wangonditumizira chithunzi cha fayilo yomwe ndinamubwezera dzulo. Kwa iye mizere yatsopano ikuoneka "pang�ono", kachizindikiro kakuda kokhala ndi mfunsiro mkati. Ndipo pomwe ndinakonza ndi Replace paja palembedwa "ntha?i". Ndaitsegula kwanga, "pang’ono" ali bwino, koma "ntha?i" ndi chimodzimodzi. Ndalakwitsa pati?

Chisomo: Iyi ndi nkhani ina ija. Muziona ngati zinthu ziwiri zosiyana, chifukwa chimodzi chimachira, china sichichira.

Poseva munasankha CSV wamba, ndipo Excel inalemba fayiloyo mu Windows-1252. Nkhodolero yopindika ilimo mu tebulo limeneli, ndi baiti imodzi, 92. Mnzanuyo akutsegula ngati UTF-8, ndipo mu UTF-8 baiti 92 ikakhala payokha siitanthauza kanthu, ndiye pulogalamu yake ikuika kachizindikiro kakuda kaja kusonyeza kuti apa yalephera kuwerenga. Ndi vuto lanu lomwe lija, kungoti latembenuka. Baitiyo idakalimo, bola iye asaseve.

Koma ŵ mu Windows-1252 mulibiretu. Pulogalamu ikafika pa chilembo chomwe tebulo lilibe, imalemba mfunsiro weniweni, kapena nthawi zina imangochotsa kachipewa n'kusiya w wamba osakuuzani. Mfunsiro umenewo ndi womwe uli mu fayilo tsopano. Palibe encoding, kiyi wowerengera mabaiti uja, yomwe mungasankhe kuti ŵ abwerere. Mizere yakale muitenga mu fayilo ya mu imelo, ndiye palibe chatayika. Yatsopano 300 ija ndiyo ikufunika manja anu.

Tiyamike: Ndiyenera kuilembanso yonse?

Madalitso: Ayi achemwali. Tsegulani fayilo yadzulo ija mmene munkatsegulira kale, kopani mizere 300 yokhayo, muiike pansi mu xlsx yatsopano. Kenako sakani mfunsiro. Chenjezo limodzi lokha: mu Excel mfunsiro mu bokosi la Find umatanthauza chilembo chilichonse, ndiye mukachita Replace All mufafaniza zonse. Lembani ~? kuti isake mfunsiro weniweni. Ndipo musinthe umodziumodzi, chifukwa ngati muli ndi ziganizo za mafunso, mfunsiro wa kumapeto ndi woona. Womwe uli pakati pa mawu ndiwo ŵ.

Bambo Mbewe: Ndiwonjezere kanthu kamene ndinakaona ndi maso. Nthawi ina ndinalandira fayilo momwe nkhodolero imodzi inasanduka Ã¢â‚¬â„¢, zilembo zisanu ndi zitatu m'malo mwa kachizindikiro kamodzi. Ndinkaganiza kuti yatheratu. Kodi zimenezi zimabwera bwanji?

Madalitso: Bambo, imeneyo inasokonekera kawiri. Wina anaitsegula molakwika, anaona â€™, kenako anaseva ngati UTF-8. Zilembo zitatu zolakwikazo zinasungidwa ngati zenizeni, chilichonse ndi mabaiti ake, ndipo wachiwiri anaitsegulanso molakwika. Pa ŵ zimatuluka Ã…Âµ. Chosangalatsa n'chakuti kawirikawiri imabwerera, chifukwa palibe chatayidwa. Pa Linux mumabwerera m'mbuyo sitepe imodzi ndi iconv:

iconv -f UTF-8 -t WINDOWS-1252 yosokonekera.csv > yokonzedwa.csv

Kenako mutsegule yokonzedwayo ngati UTF-8. Pomwe imakanirira ndi pa mtengero wotsekera wopindika, chifukwa baiti yake yomaliza ndi 9D, imodzi mwa mabaiti asanu omwe Windows-1252 sinawapatse chilembo. Pamenepo mwina iconv iima n'kudandaula, ndiye mumakonza pamanja. Muzichita pa kope nthawi zonse.

Thokozani: Pepani kulowerera, koma langa likufanana. Ku ntchito tili ndi pulogalamu yakale yolembera mayina. Ndikamata dzina lokhala ndi ŵ limasanduka mfunsiro pomwepo, ndisanaseve n'komwe. Ndinawerenga kuti pa Windows pali kabokosi koti ukachonga zonse zimakhala UTF-8. Ndichonge?

Chisomo: Kabokosiko kalipodi. Control Panel, Region, Administrative, kenako Change system locale. Kalembedwa kuti Beta: Use Unicode UTF-8 for worldwide language support, ndipo kanayamba kupezeka mu Windows 10 mu 2018. Koma pa kompyuta ya ku ntchito ine sindingakuuzeni kuti muchonge lero. Kamasintha code page, tebulo la zilembo lija, ya mapulogalamu onse akale nthawi imodzi. Ena amachira, ena amasokonekera, makamaka omwe anapangidwa poganiza kuti chilembo chilichonse ndi baiti imodzi. Choopsa kwambiri ndi deta yomwe ili kale m'kati. Mayina akale anasungidwa mu Windows-1252, atsopano ayamba kulowa mu UTF-8, ndipo mukhala ndi nkhokwe yosakanikirana yomwe palibe kiyi mmodzi woitsegula yonse. Ngati mukufuna kuyesa, yesani pa kompyuta ina yokhala ndi kope la deta, ndipo oyang'anira makompyuta anu adziwe. Kompyuta imafuna kuyatsidwanso kuti zigwire.

Thokozani: Nanga ndikasintha system locale kukhala chiyankhulo china?

Chisomo: Sizithandiza pa ŵ. Mukasankha Chirasha mupeza Windows-1251, mukasankha Chipolishi mupeza 1250, ndipo m'matebulo amenewo ŵ mulibenso. Pulogalamu ngati siidziwa Unicode, njira yeniyeni ndi kufunsa omwe anaipanga ngati pali mtundu watsopano. Ngati inalembedwa mu Java pali mwayi, chifukwa kuyambira Java 18 ya mu 2022 UTF-8 ndiyo yokhazikika, ndipo pa yakale munkatha kuiyatsa ndi -Dfile.encoding=UTF-8. Izi zimathandiza powerenga ndi polemba mafayilo.

Thokozani: Zikomo. Kwina pa lipoti losindikiza sipabwera mfunsiro, pamabwera kabokosi kopanda kanthu.

Madalitso: Kabokosi ndi uthenga wabwino. Kawirikawiri kamatanthauza kuti chilembo chafika bwinobwino koma fonti ilibe chithunzi chake. Kuyesa kwake n'kosavuta: kopani mawuwo muwamate mu Notepad. Akatuluka bwino, vuto ndi fonti basi, sinthani muike Arial, Times New Roman, DejaVu Sans kapena Noto Sans. Mafonti okongoletsa ndi omwe nthawi zambiri amakhala opanda ŵ.

Mphatso: Achimwene a Madalitso, poti muli pa Linux ndifunseko. Ndinaika Debian pa laputopu yakale. Mu terminal mayina a mafayilo ankatuluka ndi mifunsiro ndi manambala. Ndinalemba export LANG=en_GB.UTF-8 mu .bashrc, terminal yachira. Koma pulogalamu ina ndikaitsegula kuchokera pa menyu ikusokonezabe mayina omwewo. Ndikaitsegula kuchokera mu terminal ili bwino. Zikutheka bwanji?

Madalitso: Zikutheka chifukwa .bashrc imawerengedwa ndi bash yokha, mukatsegula terminal. Mapulogalamu a pa menyu amatenga zomwe desktop inapatsidwa pomwe munkalowa, ndiye iwo akadali pa LANG=C kapena POSIX, yomwe imadziwa ASCII basi. Chitani motere. Lembani locale -a muone ngati en_GB.utf8 ili pa mndandanda. Ngati palibe, sudo dpkg-reconfigure locales, muichonge, muisankhenso kukhala yokhazikika. Ilembedwa mu /etc/default/locale. Kenako tulukani mulowenso, kutseka terminal kokha sikukwanira. Mukalowa lembani locale muone mizere yonse. Yang'anitsitsani LC_ALL, chifukwa ikakhala ndi kanthu imaposa zina zonse. Ndinaonapo munthu akusintha LANG tsiku lonse pomwe LC_ALL=C inabisala mu fayilo ina yoyambitsira. Pa zilembo, gawo lofunika ndi la kumapeto, .UTF-8. La kutsogolo likhale en_GB kapena fr_FR, ŵ aoneka chimodzimodzi.

Mphatso:   Ndachita monga mwanenera, ndalowanso, pulogalamu ya pa menyu yawongoka.

Tiyamike: Ndabweranso. Mizere 300 ija ndamaliza, mifunsiro yolakwika inalipo 41. Koma ndaona china. Tili ndi danga la tsiku lomwe tinamva mawuwo. Mnzanga analemba 03/04/2024 kutanthauza 3 Epulo, koma kwa ine Excel ikuti 4 Malichi. Ndipo masiku ngati 25/04/2024 akhala kumanzere kwa kabokosi pomwe ena ali kumanja.

Chisomo: Limeneli si la encoding, ndi la Region. Kompyuta yanu ili pa English (United States), komwe mwezi umayamba. Tsiku lililonse lomwe nambala yake yoyamba siiposa 12 Excel yalitembenuza mwakachetechete. La 25/04 yalephera chifukwa kulibe mwezi wa 25, ndiye yalisiya ngati mawu wamba, n'chifukwa chake lili kumanzere. Otembenuzidwawo ndi oopsa kuposa Åµ, chifukwa amaoneka abwinobwino. Pitani pa Settings, Time & Language, Region, musinthe Regional format ikhale English (United Kingdom), mutseke Excel, kenako mulowetsenso CSV yoyamba ija kudzera pa Data. Musayese kukonza masiku omwe atembenuka kale. Kutsogoloku gwirizanani kulemba 2024-04-03, chaka, mwezi, tsiku, monga mwa ISO 8601.

Pa Region pomwepo pali chinanso. Mu Additional settings muli List separator. M'mayiko momwe amalemba 3,5 m'malo mwa 3.5 pamakhala chizindikiro cha ; osati mpatuliro. Mukadzalandira CSV n'kuona kuti zonse zaunjikana mu danga limodzi, yambirani pamenepo.

Bambo Mbewe: Mayi, musanatseke, yesani ichi. Sakani "ŵ" mu fayilo yonse, kenako yang'anani ndi maso ngati pali mawu ena okhala ndi kachipewa omwe kusakako kwawadumpha. Ine zinandichitikira ndi mawu omwe ndinakopa ku mayina a mafayilo ochokera pa Mac, ndipo mpaka lero sindimvetsa.

Madalitso: Bambo, ŵ angalembedwe m'njira ziwiri mu Unicode. Ina ndi chilembo chimodzi, U+0175. Ina ndi w wamba wotsatidwa ndi kachipewa koyima pakokha, U+0302, komwe pa sikirini kamakwera pamwamba pa w. Maso amaona chimodzimodzi, kompyuta imaona zosiyana. Dongosolo lakale la madisiki a Mac, HFS+, linkasunga mayina a mafayilo m'njira yogawa imeneyi. Mu Excel mutha kuwagwira ndi LEN: "nthaŵi" woyenera ali ndi zilembo 6, wogawidwa ali ndi 7. Njira yophatikiza imatchedwa NFC, yogawa NFD, ndipo pa mndandanda ngati wa achemwaliwa ndi bwino zonse zikhale NFC.

Tiyamike: Ndayesa, ndapeza mawu 7 otero, onse ochokera pa tsamba lina la pa intaneti lomwe ndinakopa. Ndawalembanso. Komatu ine ŵ ndimachita kukopa kwina nthawi zonse. Pali njira yomulembera pa kiyibodi?

Chisomo: Mu Word lembani 0175 kenako Alt ndi X pamodzi. Koma poti mumalemba kwambiri, onjezani kiyibodi ya United Kingdom Extended mu Settings. Pamenepo mumadina AltGr (batani la Alt la kumanja) ndi 6, mumasiya, kenako w, ndipo imagwira mu pulogalamu iliyonse yodziwa Unicode. Dziwani kuti zizindikiro zina monga @ zisamuka malo ngati munazolowera kiyibodi ya US. Mnzanu wa pa Linux akayatsa batani la Compose, amadina Compose, ^ kenako w.

Limbani: Nanga akadzafunikanso kutumizirana CSV, azidutsa njira ya Data nthawi zonse?

Chisomo: Ayi. Poseva mu Excel asankhe CSV UTF-8 osati CSV wamba. Imeneyo imaika mabaiti atatu kumayambiriro kwa fayilo, EF BB BF, omwe amatchedwa BOM, ndipo Excel ikawaona imadziwa yokha kuti ndi UTF-8. Yochokera kwa mnzawo akhoza kuitsegula mu Notepad, ayang'ane pansi kumanja pomwe pamalembedwa encoding, kenako Save As n'kusankha UTF-8 with BOM. Koma ngati fayiloyo ikupita ku pulogalamu ina osati Excel, asamale, chifukwa ena saidziwa BOM ndipo amaionetsa ngati ï»¿ patsogolo pa mawu oyamba.

Tiyamike: Tagwirizana ndi mnzanga kuti tizitumizirana xlsx, CSV tidzapanga pomaliza. Region ndasintha, ndalowetsanso fayilo yoyamba, masiku onse ali kumanja ndipo 03/04 ikuti 3 Epulo. Nkhodolero tasankha yowongoka monga ananenera a Limbani. Kiyibodi ija ndaika, ndipo uthenga uno ndikulemba nayo: nthaŵi, kudziŵa, aŵiri. A Thokozani, mukayesa kabokosi kaja pa kompyuta ina mudzatiuze mmene zayendera, chifukwa mnzangayo alinso ndi pulogalamu yakale yotero.

Thokozani: Ndalankhula ndi oyang'anira makompyuta athu, akuti tiyesa Lachisanu pa kope la deta. Fonti ya pa lipoti ndasintha kale, mabokosi aja achoka.